Mbewa Yamanyazi Idafera Kuuna

Mwezi wa June ukamapita kumapeto, mpunga wa m'chigwa cha Bwanje utapunthidwa ndi kulowa m'matumba, anyamata a kuno kwathu kwa Kachindamoto amasenza makasu nalowa m'minda youma kukasaka mauna a mbewa. Ndipo yense amene adaimako pambali pawo, monga ndinkaimira ine ndili kamtsikana kotsata alongo anga, adaona kuti utsi ukafukizidwa kukhomo kwa una, mbewa zina zimatulukira pa kakhomo kena n'kuthawira m'ziputu, pamene zina zimabwerera m'kati, kuzama ndi kuzamabe, kufikira khasu litazipeza zitauma kumathero a una. Makolo athu, amene sankaona kanthu ndi maso okha, adatolapo mawu pamenepa nati mbewa yamanyazi idafera kuuna. Mwambi umenewu ndidaumva kambirimbiri pa ubwana wanga, makamaka pamene mlendo akukana nsima chikhalirecho ali ndi njala. Koma tanthauzo lake lidandifika mochedwa, ndili kale wophunzira uphunzitsi, tsiku limene ndidazindikira kuti kwa zaka pafupifupi 10 ndidakhala ndikuthawa masamu monga ithawira mbewa ija, kuthawira m'kati.

Mantha amenewa sindidabadwe nawo, ndipo ndingathe kuloza m'mawa umene adandilowa. Ndidayamba Sitandade 1 m'chaka cha 1994, chaka chimene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana a sukulu m'dziko lonse nachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ife tidaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ambiri mwa aphunzitsi amene adalembedwa mofulumira m'masiku amenewo adali asadapondeko ku koleji. M'makalasi oyambirira masamu tinkaphunzira m'Chichewa, tikuwerenga timiyala ndi njere za bwemba pafumbi, ndipo sindikumbuka kuti ndidaada. Koma titafika Sitandade 5 zonse zidasanduka Chingerezi, ndipo pamodzi ndi Chingerezicho padafika mento ya m'mawa. Mphunzitsi wathu ankatiimika tonse chilili, nayenda pakati pathu ndi kansungwi m'manja, naponya funso kwa uyu ndi uyo. Wokhoza ankakhala pansi, wolephera ankatambasula dzanja. Tsiku lina kansungwi kaja kadaloza ine, ndipo funso lidali lakuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati. Ndidali nditaloweza tebulo la kuchulukitsa limenelo dzulo lake ndikusinja. Koma pamene maso onse adatembenukira kwa ine, mtima udayamba kugunda ngati musi mumtondo, m'mutu mudangoti zii, ndipo pakamwa panga padatuluka 54. Ndidalandira zikwapu zitatu m'dzanja. Kuwawa kwa dzanja kudatha dzuwa lisadafike pamutu; chimene chidatsala ndi mawu amene adatsatira, akuti mutu wanga ngwa nsima, masamu si a atsikana onga ine, ndingodikira wondikwatira. Kalasi yonse idaseka, ndipo ine ndidavomera mawuwo mumtima monga mwana avomerera dzina limene apatsidwa ndi akulu.

Mphunzitsi ameneyo sindimusungira mangawa, ndipo m'munsimu ndinena chifukwa chake. Koma kuyambira m'mawa umenewo ndidaphunzira luso loipa, luso lobisala. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mtsikana wamtali. Ndinkaweramira m'kope ngati wotanganidwa pamene mphunzitsi akusaka womuitana ku bolodi. Ndinkakopera mayankho a mnzanga ndi dzanja langa lokongola, kotero kuti kope langa linkaoneka bwino koposa la mwini mayankho. Ku sekondale ndidaloweza njira za masamu monga munthu alowezera nyimbo ya chilankhulo chachilendo, wosadziwa chimene akuimba, ndipo pa mayeso a MSCE ndidapeza 8, amene ali malire enieni pakati pa kukhoza ndi kulephera. Lero ndikawerenga m'Mateyu fanizo la kapolo uja amene adakwirira ndalama ya mbuye wake m'nthaka, ndimaona kuti chimene chidamgwira dzanja ndi mantha, pakuti ndicho chifukwa chimene iye mwini adapereka; ndipo ndimamumvetsa kapoloyo koposa momwe alaliki ambiri amamumvetsera.

Uphunzitsi ndidausankha chifukwa chokonda ana ndi kukonda kuwerenga, ndipo tsiku limene ndidakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchoka ku Golomoti, kusiya kutentha kwa kunyanja ndi malambe ake kumbuyo, kupita ku koleji ya atsikana ya St Joseph's ku Bembeke kumene mphepo ya m'mawa imaluma zala, ndinkaganiza kuti masamu ndawasiya kumunsi pamodzi ndi udzudzu. M'masiku amenewo maphunziro a uphunzitsi otchedwa IPTE adali a chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi chophunzitsa pasukulu. Sabata yoyamba isadathe ndidadziwa chimene ndikadayenera kudziwa kale, kuti mphunzitsi wa pulayimale sasankha phunziro: amene aphunzitsa Chichewa m'mawa ndi yemweyo agwira choko pa masamu. Walira mvula walira matope. Usiku m'chipinda chogona, tikuotha mawu pansi pa mabulangete, ndidapeza kuti sindidali ndekha, pakuti mwa atsikana 8 a m'chipinda chathu oposa theka adali ndi nkhani yonga yangayi, wina ya mento, wina ya bambo ake, wina ya kope loponyedwa pazenera. Ndipo nzeru imene tinkapatsana idali imodzi, yakuti tikadzayamba ntchito tidzapempha mphunzitsi wamwamuna atitengere masamu, ife tidzamutengere nyimbo ndi zojambulajambula. Umenewo udali una wachiwiri, wokumbidwa mbewa isadaone n'komwe utsi.

Utsi udafika pa tsiku loyeserera kuphunzitsa, pamene wophunzira mmodzi amaima kutsogolo, anzake nakhala ngati ana. Ine ndidapatsidwa kuchotsera kwa Sitandade 2, ndipo ndidakondwa mumtima, poti samu ya 52 kuchotsapo 27 ndani angailephere? Ndidalemba pa bolodi, ndinena monga ndidauzidwira ndili mwana: 2 kuchotsapo 7 sizitheka, tibwereka 1 kwa 5, ndipo 2 asanduka 12. Pamenepo mnzanga wina, amene adadzichepetsa bwino kukhala mwana wa zaka 7, adakweza dzanja nati, "Madamu, mwati mwabwereka 1. Nanga 2 kuphatikiza 1 si 3? 12 wachokera kuti? Ndipo chobwereka chija mubweza liti?" Ndidatsegula pakamwa, koma m'mutu mudati zii monga pa m'mawa wa mento uja, choko chidanyowa m'dzanja, mawondo adalefuka, ndipo chokha chimene ndidatha kunena chidali chakuti ndi momwe zimakhalira. Ndidali nditachotsera manambala kwa zaka zoposa 10 wosadziwa chimene ndikuchita.

Mphunzitsi wathu wa masamu, mayi wachikulire wolankhula motsitsa, sadanene kanthu pagulu. Madzulo adandiitanitsa, nandikhazika pa mpando, nandifunsa funso limene padalibe munthu adandifunsapo: "Mwana wanga, masamu adakulakwira chiyani?" Ndikadatha kuyankha kuti ndidangosokonezeka pang'ono, ndipo mawuwo adali kale palilime, koma kutopa ndi kubisala kudaposa manyazi, ndipo ndidawauza zonse, kuyambira kansungwi kaja kufikira 8 wa pa MSCE, misozi ikugwera pa siketi. Adamvetsera osandidula. Nditatha adati, "Safunsa adadya phula. Iwe walidya nthawi yaitali, tsono lero ulavule. Pita kuseri uko ukathyole timitengo ta udzu wa tsache 100, ubwere nato mawa pamodzi ndi luzi."

Chimene chidachitika m'mawa mwake n'chaching'ono, kotero kuti munthu wosadziwa mantha amenewa angadabwe kuti ndichifotokozerenji. Komabe pa moyo wanga wonse wa sukulu palibe phunziro lina limene ndilikumbuka bwino chotere. Adandiuza kuti ndimange timitengo tija khumi-khumi. Kenaka adati ndiike 52 patebulo, ndipo ndidaika mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. "Tsopano undipatse 27." Mitolo 2 ndidawapatsa msanga, koma timitengo 7 ndikadatitenga kuti, poti tapadera tidali 2 tokha? Ndidakhala ndikuyang'ana patebulo, iwo ali chete, kufikira dzanja langa lokha lidapita pa mtolo umodzi ndi kumasula luzi. Timitengo 10 tidabalalika pambali pa 2 tija, ndipo 12 amene mnzanga ankamufunsa adali pomwepo pamaso panga, wooneka ndi wogwirika. Ndidapereka 7, padatsala 5, mitolo yomangidwa idatsala 2, zonse 25. "Waona?" adatero. "Palibe chimene tabwereka, n'chifukwa chake palibe chobweza. Tangomasula mtolo, ndipo mtolowo ngwathu womwe." Ndidabwereza ndi 41 kuchotsapo 16, ndi 70 kuchotsapo 38, ndikumanga ndi kumasula kufikira belu la chakudya, ndipo mwambi wakuti pang'onopang'ono ndi mtolo sudandimvekerepo mokoma monga tsiku limenelo. Ku koleji njira yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo amaitcha TALULAR, ndipo ambiri aife tinkaiyesa yothandiza ana okha. Ine idayamba yachiza mphunzitsi.

Koma chimene chidazula muzu weniweni wa mawu aja a mutu wa nsima ndidachipeza kwathu, pa tchuthi, pa msika wa Golomoti. Amayi anga sadapitirire Sitandade 2, ndipo dzina lawo amalemba movutikira. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa mpunga, matimati ndi usipa wouma wochokera kunyanja. Tsiku limenelo ndidakhala nawo pa chiguduli, ndipo padafika mayi wogula milu 7 ya matimati, mulu uliwonse K80. Ine ndidayamba kufunafuna cholembera m'chikwama. Amayi adali atanena kale mtengo, K560, nawonjezera matimati awiri a basela. Ndidawafunsa kuti apeza bwanji msanga chotero, ndipo adandiyang'ana ngati ndafunsa njira ya kuchitsime. "Isanu ndi 400," adatero, "iwiri ndi 160. Nanga pali chovuta?" Ndidakhala duu, pakuti imeneyo idali samu yomwe ija ya 7 kuchulukitsa ndi 8 imene ndidamenyedwera, ndipo mayi wosaphunzira adaithyola pakati, nachulukitsa mbali iliyonse payokha, naphatikiza, chimene mabuku a ku sekondale amachilemba ndi zilembo ndi mikutiramawu, iwo ankachichita tsiku ndi tsiku osadziwa kuti chili ndi dzina.

Ndipo nditalingalira bwino ndidaona kuti nzeruyo amayi sadaitole patali, pakuti ili m'kamwa mwa aliyense wolankhula Chichewa. Ife tilibe liwu limodzi lotchulira 7 monga alili nalo Angerezi. Timati zisanu ndi ziwiri, ndipo potero nambala timaitchula yothyoka kale, yokonzeka kuchulukitsidwa mbali-mbali. Timawerenga kufika pa zisanu, zala za dzanja limodzi, n'kuyambiranso. Tikafika pa khumi timamanga mtolo, n'kumati makumi awiri, makumi atatu, makumi asanu ndi awiri. Kotero kuti mwana amene anena kuti makumi atatu ndi mphambu zinayi wanena kale kuti pali mitolo 3 ndi tapadera 4, chinthu chimene mnzake wophunzira m'Chingerezi ayenera kuchita kuuzidwa. Sindikunena kuti titaye manambala a Chingerezi, amene alowa kale m'misika ndi m'mabasi mwathu, ndipo ngafupi ponena. Ndikunena kuti tidalakwa pamene tidalola ana kukhulupirira kuti masamu adabwera pa sitima, kuti kwawo ndi kwa azungu, ndipo kuti munthu wa kumudzi amawalowera ngati mlendo wovula nsapato pakhomo.

Kuchokera tsiku limenelo maso anga adatseguka, ndipo ndidayamba kuona masamu ponseponse m'dera lathu. Agogo anga aamuna, amene adagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, adakhala zaka zambiri akuwerengera ndalama za mapaundi, momwe makobiri 12 ankapanga sheleni ndipo masheleni 20 ankapanga paundi, kufikira kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Kuwerengera kumeneko n'kovuta koposa kwathu kwa makumi, ndipo iwo ankakuchita pamtima, wogula thonje ataima pamaso pawo. Madoda osewera bawo pansi pa mtengo pa Mtakataka, pa thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64, amaona kumene nkhomo yotsiriza ikagwere dzanja lisadanyamuke. Amisiri osema a ku Mua, pa malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, amapinda chingwe pawiri ndi panayi kuti apeze pamene pakhale mapewa ndi mawondo a chosema, ndipo ameneyo ndi theka ndi kota zimene ife tinkanjenjemera nazo m'kalasi. Anthu onsewa palibe adawauzapo kuti akuchita masamu, ndipo chifukwa chake palibe adawauzapo kuti sangathe.

Pambuyo pake ndidadziwa kuti nthenda yangayi si ya kuno kokha, ndipo kuti anthu ophunzira adaifufuza kalekale. Mayi wina wa ku America, Sheila Tobias, adalemba buku lonse mu 1978 lonena za kugonjetsa mantha a masamu, ataona kuti akazi ambiri anzeru ankadzitsekera okha makomo a ntchito pothawa phunziro limeneli. Mu 2001 Mark Ashcraft ndi Elizabeth Kirk adaonetsa njira imene manthawo amagwirira ntchito m'mutu: munthu akamawerengera pamtima amasunga manambala m'kachipinda kakang'ono ka maganizo, ndipo nkhawa ikalowa imadzaza kachipindako, manambala nasowa pokhala. Nditamva zimenezi ndidakumbuka m'mawa wa mento, ndipo ndidamvetsa kuti tebulo lija ndinkalidziwa ndithu. Lichero lidali litadzaza kale ndi mantha, mpunga udasowa pogwera. Tsono kansungwi, kamene mphunzitsi ankayesa kuti kakudzutsa maganizo a ana, ndiko kankawatseka.

Ndinganame ndikanena kuti mantha adatha pa tsiku la timitengo kapena pa msika wa Golomoti. Chaka chachiwiri adanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya kumunsi komwe kuno, nandipatsa Sitandade 4 ya ana oposa 100, ndipo m'mawa uliwonse wa masamu m'mimba munkandipota ndisadafike pakhomo la kalasi. Koma ndidadziikira lamulo: samu iliyonse imene ndikapatse ana ndiyambe ndaichita ndekha usiku, pa kuwala kwa koloboyi, ndi zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga, kufikira nditadziwa yankho ndi chifukwa chake; ndipo imene yandikanika ndisagone nayo kawiri, koma ndipite nayo kwa mphunzitsi wondiyang'anira kapena kwa mnzanga, ngakhale ikhale ya mwana wa Sitandade 3. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kugawa ndi theka kudanditengera mausiku atatu, pakuti sindinkamvetsa kuti 3 kugawa ndi theka ingakhale bwanji 6, poti kugawa kumachepetsa; kufikira ndidatenga nzimbe 3, ndidula iliyonse pakati, ndipo nditawerenga zidutswa ndidazindikira kuti funso likungofunsa kuti matheka alipo angati.

Tsiku lina, aphunzitsi ochokera ku koleji atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala lawo lopimira, ndidalakwitsa pa bolodi pophatikiza, ndipo kamnyamata kena kadakweza dzanja mwamantha n'kunena kuti yankho silikugwirizana ndi lake. Mtima udayamba kugunda monga kale, ndipo liwu lakale lija lidandinong'oneza kuti ndimkalipire akhale pansi. M'malo mwake ndidati, "Bwera udzationetse, mwana wanga, mwina ndine ndaphonya." Adabwera, naloza khumi limene ndidaiwala kusunga, ndipo ndidauza kalasi imuombere m'manja. Denga silidagwe, ndipo ana sadandipeputse; chimene chidasintha n'chakuti sabata yotsatira manja okwezedwa adachuluka. Pa tsiku limenelo ndidamvetsanso mphunzitsi wanga wa mento: munthu amene adaikidwa patsogolo pa ana wopanda womuphunzitsa, wodziwa yankho koma wosadziwa chifukwa chake, amaopa funso koposa momwe mwana aopera ndodo, ndipo ndodo imakhala mpanda wake. Nayenso adali mbewa m'una mwake. Kusiyana kwake n'kwakuti iye adakokeramo ndi ana.

Apa ndipo pali pamene nkhaniyi ilemera, pakuti mantha a mlimi kapena a wamalonda ndi akeake, koma mantha a mphunzitsi amagawidwa kwa ana monga phala. Mu 2010 Sian Beilock ndi anzake a ku yunivesite ya Chicago adafalitsa zimene adapeza atatsata aphunzitsi aakazi 17 a makalasi awiri oyambirira pamodzi ndi ana awo kwa chaka chathunthu. Poyamba chaka padalibe kugwirizana pakati pa mantha a mphunzitsi ndi kukhoza kwa ana. Koma potha chaka, m'makalasi a aphunzitsi oopa masamu, atsikana ambiri adali atayamba kukhulupirira kuti masamu ndi a anyamata ndipo kuwerenga ndi kwa atsikana, ndipo atsikana okhulupirira choterowo ndiwo adatsalira pa masamu. Make mbuu, mwana mbuu. Mphunzitsi sachita kunena ndi pakamwa kuti akuopa. Mwana amaona nkhope ikukwinyika pamene buku la masamu likutsegulidwa, amaona phunzirolo likufupikitsidwa kuti nyimbo italike, amaona madamu akutuluka ndipo sala wa kalasi ina akulowa kudzaphunzitsa masamu, ndipo kamtsikana kamene kamayang'ana madamu ake ngati galasi kamatolapo phunziro limene silidalembedwe m'sikimu. Nzeru ija tinkapatsana pansi pa mabulangete ku Bembeke ikadatipulumutsa ife, koma ikadagulitsa ana athu aakazi.

Ndipo kuno kwathu mlandu umenewu ngwaukulu koposa kwina. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adalowa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ukalaliki zaka 27 ku koleji ya zaubusa ku Zomba, adathetsa maukwati a ana oposa 850 pofika 2016, naimitsa pa udindo mafumu aang'ono amene ankalekerera, nalamula kuti anawo abwerere kusukulu. Dziko nalonso lidaika lamulo mu 2015 lakuti ukwati uyambire pa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adakonzedwa kuti agwirizane nalo. Mfumu idachita mbali yake, idatulutsa ana m'nyumba za amuna ndi kuwafikitsa pakhomo la kalasi; koma kuyambira pakhomopo kulowa m'kati ndi kwa ife aphunzitsi, ndipo n'chinthu chomvetsa chisoni kuti mwana amene mfumu yamulanditsa ku ukwati akathamangitsidwe ndi samu ya kuchotsera.

Mmodzi wa ana oterewa adafika m'kalasi mwanga zaka zingapo zapitazo, wamtali kuposa anzake onse, khanda atalisiya kwa agogo ake. Adasankha malo a kumbuyo kwenikweni, naweramira m'kope, ndipo ndidamzindikira msanga monga munthu azindikira chovala chimene adavalapo yekha. Pa samu ya 52 kuchotsapo 27 adalemba 35, pakuti adangochotsa yaing'ono kwa yaikulu m'mzere uliwonse. Sindidamuchonge ndi inki yofiira. Pa nthawi yopuma ndidakhala naye pambali ndi kumfunsa kuti kunyumba amatani, ndipo adati amagulitsa zitumbuwa pamsewu. "Ukaphika 52, anthu n'kugula 27, m'beseni mutsala zingati?" Adayang'ana m'mwamba pang'ono, milomo ikuyenda, nati, "25, Madamu." Ndidamfunsa kuti wapeza bwanji. "Kuchoka pa 27 kufika pa 30 ndi zitatu, kufika pa 50 ndi 20, ndiye ziwiri zija." Ndidamuonetsa 35 wa m'kope mwake, ndipo adaseka yekha ndi manyazi, nati, "Koma amenewa ndi masamu, Madamu; zija ndi zitumbuwa." M'mawu amenewo mudali nthenda yathu yonse. Ndidatulutsa mitolo yanga ya timitengo, imene sichoka m'chikwama changa kufikira lero, ndipo adamasula luzi ndi dzanja lake. Pofika teremu yachitatu adali atasamukira kutsogolo, ndipo chaka chake chitakwana adalemba mayeso a Sitandade 8.

Ndikamadutsa pa Golomoti masiku ano ndimaona munda wa magalasi a magetsi a dzuwa, wa mamegawati 20, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Ndikamapita ku sikimu ya mpunga ya Bwanje ndimaona madzi a Namikokwe akugawidwa m'ngalande za mahekitala 800. Zonsezi padali munthu amene adaziwerengera zisadamangidwe, ndipo payenera kukhala anthu oziwerengerabe kuti zisafe. Ine ndikhumba kuti anthu amenewo adzakhale ana a Mua, a Mtakataka ndi a Golomoti, aamuna ndi aakazi omwe, ndipo njira yawo idzera m'manja mwa mphunzitsi wa Sitandade 1 ndi 2, amene anthu ambiri amamuyesa wamng'ono pa onse.

Chifukwa chake ndikupemphani inu aphunzitsi a m'makoleji, kuti pamene mukuphunzitsa njira zophunzitsira masamu muyambe mwafunsa ophunzira anu kuti masamu adawalakwira chiyani, pakuti ambiri akhala pamaso panu ali chete, makope awo ali oyera, mitima ikunjenjemera. Ndipo iwe mng'ono wanga amene uli ku koleji chaka chino, kapena uli pasukulu ina ya kumudzi ukukonza phunziro la mawa m'mimba mukukupota, usapemphe sala akutengere masamu. Thyola timitengo 100, umange khumi-khumi, ndipo samu imene yakukanika usiku uno upite nayo mawa m'mawa kwa amene akukuyang'anira, belu loyamba lisadalire.